Kuseri kwa Mikungudza ya Yotamu

Kankhirani chikuni icho pakati, chisanu chayamba kulowa m'mafupa. Imene ndikuuzeniyi si ya padangokhala ayi, choncho musavutike n'kuvomera kuti tili tonse. Inachitika kuseri kwa mapiri a ku Dedza, m'mudzi umene dzina lake ndilisunga m'kamwa, chifukwa mayi amene zinamugwera akadali moyo, ndipo makutu ake ngakuthwa.

Mayiyo ndi Delifa. M'mimba mwa mayi awo anatulukamo awiri okha, iye ndi mlongo wake Yotamu, wamng'ono kwa iye ndi zaka zitatu. Delifa anakhala pamudzi, nakwatiwa ndi Zakeyu, mkamwini wofatsa amene ngakhale nkhuku ikamujompha ankayamba ndiye kupepesa. Yotamu anapita kusukulu, analowa ntchito ya zankhalango, ndipo zaka makumi atatu anazithera m'mapiri a kummwera, kufesa mitengo, kuilera ndi kuidula. Kumeneko ndi kumene anapeza mkazi wake Elufe, wa ku Chiradzulu, amene abale ake onse anali atatsikira kale kuli chete. Ana sanakhale nawo. Ankangokhala awiriwiri ngati nkhunda, ndipo zimenezi Delifa sizinkamukomera, pakuti ankaona ngati mkazi wa kummwerayu ndiye anamutseka mlongo wake m'maso kuti aiwale kwawo.

Atapuma pa ntchito, Yotamu anabwerera kumudzi, koma Elufe anatsika m'galimoto atanyamulidwa. Sitiroko inali itamugwira chaka cham'mbuyo mwake. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotokera kumbali, mawu anatsekeka. Chimene chinatsala ndi maso ndi makutu. Delifa, monga wamkulu, anawalozera malo kum'mawa kwa dimba lake, ndipo Yotamu anamangapo nyumba ya njerwa zootcha, yoyang'ana kumsewu wopita kumjigo.

M'mawa uliwonse Yotamu ankamusambitsa mkazi wake, kumudzoza mafuta, n'kumukhazika pa mpando wa ndalema pakhonde kuti aothere dzuwa. Vuto linali msewuwo. Amayi ochokera kumjigo akafika pamenepo ankachepetsa liwiro, zidebe zili pamutu, maso ali pakhonde. Ana ankaima m'mphepete n'kumapotoza milomo yawo motsanzira. Tsiku lina Delifa ali pakati pa anzake pamsewupo, poganiza kuti mlongo wake wapita kuchigayo, anaponya mawu amene anali atawasunga nthawi yaitali. Anati achimwene anapita kummwera kukafuna mkazi, koma abwerako ndi katundu. Amayi aja anaseka mpaka madzi kutayikira m'misana. Elufe anangotseka maso. Yotamu anali kuseri kwa chitseko, mbale ya phala ili m'manja.

Sanakalipe, sanafunse mlandu. Mvula yoyamba itagwa anabwera ndi ngolo yodzaza mbande za mikungudza, ija yachilendo imene imakula ngati ikuthamangitsidwa. Anakumba maenje mizere iwiri kuzungulira malo ake onse, moyandikana kwambiri, nadzala yekha masiku anayi. Delifa atamufunsa kuti nkhalango ya chiyani pakhomo, anangoyankha kuti ndi mpanda, kuti katundu wake asamapse ndi maso a anthu. Delifa anamva pamene mawuwo analasa, koma m'malo mopepesa anakweza mapewa n'kubwerera kwake.

Mitengo ija inamumvera mwini wake. Chaka choyamba inafika m'chiuno, chachiwiri inapitirira mutu wa munthu, nthambi zake zitalukana mwakuti ngakhale mwanapiye sakanapeza polowera. Ndipo kunena zoona, mpandawo unali ndi ubwino wake, moti Delifa yemwe pansi pa mtima ankavomereza. Mphepo ya mwera, imene mu Juni imatsika m'phiri n'kumang'amba anthu milomo, inkafika pamenepo n'kugonja. Fumbi la mumsewu silinkafikanso pa zovala zoyanika. Mbuzi zinasiya kulowa. Mpanda wa udzu umafuna kumanganso chaka ndi chaka, wa njerwa si wa munthu wopuma pa ntchito, koma uwu unkadzimanga wokha, wobiriwira chilimwe ndi dzinja, ndipo mvula ikagwa unkatulutsa kafungo kabwino ka utomoni. Koposa zonse, Elufe ankatha kusambitsidwa panja, padzuwa, popanda womuwerenga nthiti. Zakeyu, amene analowamo kamodzi kukabwereka sowo, anabwerako akunena kuti anamupeza mayiyo akumwetulira ndi mbali ija ya nkhope imene inali yamoyo.

Koma mtengo sudziwa malire. Chaka chachitatu mizu inadutsa pansi n'kulowa m'dimba la Delifa. Mpiru wa m'mizere yoyandikira mpanda unayamba kufiira, kachewere ankatuluka ngati mazira a njiwa, ndipo kachitsime kamene ankathirira kanayamba kuphwa mwezi wa Ogasiti, chinthu chimene chibadwire chake anali asanachionepo. Pansi pa mitengoyo sipankamera ngakhale chisoso. Dzuwa, limene kale linkagwa m'dimbamo kukangocha, tsopano linkafika nthawi ya nkhomaliro, litatopa kale. Mtengo wa mapichesi umene mayi awo anadzala unachita maluwa, maluwawo n'kuyoyoka osabala kanthu.

Poyamba Yotamu ankaudulira mpandawo kawiri pachaka, pamwamba pake n'kumakhala posalala ngati tebulo. Kenaka msana unayamba kumuvuta, makwerero anayamba kumulemera, ndipo mkungudza ukangoona kuti sizasi yagona umathamangira kumwamba. Pofika chaka chachinayi unali utapitirira denga la nyumba.

Delifa anamudikirira Yotamu pamsewu tsiku la msika, mlongo wakeyo akubwera akukankha njinga yake. Anamuuza kuti mitengo yake ikumudyera dimba, aidule ifike m'mapewa kuti nayenso aone dzuwa. Yotamu anafotokoza mwa chizolowezi chake cha munthu wa mitengo, kuti mkungudza suli ngati nkhadze. Ukaudula mpaka pa thunthu lakale suphukanso, umangotsala mabowo ndi nthambi zofiira, ndiye pamenepo mpanda watha. Delifa anati iye sadya zofotokoza, amadya ndiwo. Yotamu anaimika njinga.

"Masamba anu akufuna dzuwa, achemwali, ndamva. Mkazi wanga ankafunanso dzuwa lomwelo. Munamuchotsa pakhonde ndi pakamwa panu."

"Ndiye khalani nayeni m'manda mwanumo," anatero Delifa. "Tsiku limene mudzafune munthu, mudzaitane mitengo yanuyo."

Kuyambira tsiku limenelo moni unatha. Yotamu anatseka khomo la kumsewu ndi mbande zina, n'kutsegula lina mbali ya kuphiri, la malata, lokhoma ndi unyolo. Akakumana kutchalitchi, wina ankayang'ana kudenga, wina pansi. Anthu ankati musadandaule, chibale ndi fupa sichiola, koma Delifa ankayankha kuti fupa siliola, limathyoka. Zakeyu akayesa kulowererapo, ankakumbutsidwa kuti iye ndi mkamwini, za pamudzi pano sizimukhudza. Chaka chinatha chonchi, anthu awiri obadwa m'mimba imodzi akugona motalikirana mikono makumi atatu, osadziwa ngati mnzake wadzuka.

Zachilendo zinayamba mu Julayi, masiku aja a nkhungu imene imagona pansi mpaka masana. Delifa anali atachoka tsiku lathunthu kukalira maliro kumudzi wina. M'mawa mwake anaona kuti pamwamba pa mpanda, mbali ya dimba lake, pachita mpata wotalika ngati mikono itatu, ndipo kadzuwa kakulowera pamenepo n'kugwa pa mzere umodzi wa mpiru. Anaseka chamumtima, nati mphepo yayamba kugwira ntchito imene mwini wake anakana.

Patapita masiku awiri, dzuwa lili paliwombo koma losaoneka, anakumana ndi amayi awiri pamsewu. Sanali a m'deralo. Wina anali wachikulire, wina wocheperapo, onse atavala zitenje za mtundu umene sugulitsidwanso m'masitolo. Pamutu anali ndi nkhata koma osasenza kanthu. Mapazi awo, opanda nsapato, anali ofiira ndi dothi, chonsecho dothi la kumeneko ndi lakuda. Anapereka moni mwaulemu, mawu awo akukoka ngati a kummwera, kenaka wamkuluyo anafunsa kuti mwana wawo amakhala pati. Delifa anafunsa kuti mwana wake uti.

"Amene munamulandira kuno," anatero mayiyo.

Delifa anadziwa kuti akunena Elufe. Zinamudabwitsa, pakuti Elufe analibe m'bale wamoyo, koma mkwiyo unali waukulu kuposa kudabwa. Analoza mikungudza ndi mlomo, n'kuwauza kuti chipata chili mbali ya kuphiri, ngati eni ake angawatsegulire. Amayiwo anawomba m'manja pang'ono kuthokoza. Iye atayenda mapazi angapo anacheuka, ndipo anawaona akulunjika pampanda penipeni, pamene panalibe khomo. Nkhungu inadutsa pakati. Itapita, pamsewu panalibe munthu. Madzulo ake, pofuna kumufotokozera Zakeyu, anapeza kuti zitenje akuzikumbuka, mapazi akuwakumbuka, koma nkhope zawo sizikubwera.

Tsiku lomwelo beseni lake linasowa kubafa. M'mawa mwake chipeso chimene ankachisomeka kutsindwi kwa khonde sichinaoneke. Kenaka botolo la mafuta odzola, kenaka tsache, kenaka chitenje chake chatsopano chimene anachiyanika pa chingwe atangochivala kamodzi. Sizinali zinthu zimene mbala imafuna. Wailesi inali pawindo, nkhuku zinali m'khola, thumba la nyemba linali pakhonde, zonsezo osakhudzidwa. Delifa anakalipira Zakeyu, anakalipira anthu oyandikana nawo, anafika mpaka pokayikira mutu wake womwe.

Kenaka kunabwera phokoso. Chikulire cha mpanda uja, kuchokera kwa Yotamu sikunkamveka kanthu, mwina chifuwa chake basi, kapena kulira kwa chidebe. Tsopano kunja kukangoyamba kuyera kunkamveka tsache, kusesa kwa munthu wodziwa, kosathamanga, kuyambira kukhonde mpaka kumpanda. Madzi ankakhuthulidwa. Masana kunkamveka mtondo, misi iwiri yolandizana, thi, thi, thi, chonsecho aliyense ankadziwa kuti Yotamu alibe mtondo, chimanga chake ankapita nacho kuchigayo. Pansi pa zonsezo panali mawu a amayi, otsika, osamveka chimene akunena, nthawi zina kung'ung'udza kanyimbo konga kotonthozera mwana. Delifa akayandikira mpanda kuti amvetsere, zonse zinkangoti zii. Pamenepo thupi lake linkamuuza kuti mbali inayo wina waima, nkhope yake ili pafupi ndi yake, masamba okha ndiwo akuwalekanitsa.

Galu wawo anasiya kugona mbali ya dimba. Mpheta zimene zinkasokosa m'mikungudzamo dzuwa likamalowa zinasamuka. Masana mphepo inkabwera ndi kafungo kena, kobisala pansi pa fungo la utomoni, ndipo pa masamba pankatera ntchentche zobiriwira. Delifa anati ndi khoswe wofera m'mpanda.

Zakeyu ndiye anayamba kudandaula. Anati sabata ziwiri zatha tayala la njinga ya alamu ake silinadinde pamsewu. Kumsika sanaoneke, kuchigayo sanaoneke, kutchalitchi malo awo ali okhaokha. Anati anazungulira mpaka kuchipata, n'kupeza kangaude atamanga ukonde kuyambira pa lata mpaka pa nsanamira, ndipo anabwerera osakhudza kanthu chifukwa tsitsi linamuyima. Delifa analoza utsi umene unkakwera kuseri kwa mitengo. Anati munthu wakufa sasonkha moto. Achimwene alemba antchito, kapena atenga mkazi wina wa kummwera komweko, ndipo ndi amenewo akumubera zinthu. Zakeyu anauyang'ana utsiwo nthawi yaitali.

"Amayi, mphepo ikuwomba chonchi, utsi uwo ukukwera chilili ngati nsungwi. Ndipo sukununkha nkhuni. Tapitani mukawaone abale anu."

"Anadzitsekera okha," anatero Delifa. "Adzatsegula okha."

Anayankha molimba, koma masiku amenewo kudimba anasiya kupita yekha.

Chimene chinamulowetsa m'mpandamo si chikondi ayi, tisanamizane. Inali kapu. Kapu yachitsulo yoyera, ya mkombero wabuluu, imene malemu mayi awo ankamwera tiyi. Delifa ankaisunga m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo tsiku lina masana anapeza sutikesiyo ili yokhoma bwinobwino, kapu mulibe. Magazi anamukwera. Zakeyu anali kumunda. Anatenga chikwanje n'kupita m'dimba, pansi pa mpata uja, nati lero akazi a kummwerawo andiuza bwino.

Kunja mkungudza ndi wobiriwira, koma m'kati ndi wakufa. Atangodula nthambi zoyamba anapeza mdima wa tinthambi touma, tofiira, todzaza fumbi, tomukala kumaso ndi m'manja. Munali kuzizira ngati m'phanga. Anagwada n'kuyamba kukwawa, akutukwana chamumtima, ndipo ali pakati pa mizere iwiri ija anamva tsache likusesa pafupi, mwina mikono iwiri kuchokera pamutu pake. Linasesa kawiri, katatu. Kenaka linagonekedwa pansi, mwaulemu, monga achitira munthu akaona mlendo.

Anatulukira pabwalo loyera ngati pa tsiku la ukwati. Mizere ya tsache inali paliponse, yokhotakhota bwino, koma panalibe phazi ngakhale limodzi. Tsache lake lomwe lija linali pansi. Kumanzere kwake makwerero anali atagwa chammbali, mwendo umodzi utathyoka, ndipo pafupi panali mulu wa nsonga za mikungudza zodulidwa, zitafota, ndi sizasi yaikulu yodulira. Apo ndi pamene anamvetsa za mpata uja. Sinali mphepo. Yotamu, ndi msana wake wovutawo, anali atakwera kukatsitsa mpanda mbali ya dimba la mlongo wake, osauza munthu.

Anali pomwepo, pansi pa mitengo yake. Wina anali atamuwongola miyendo, kumupinda manja pachifuwa, kumumanga chibwano ndi kansalu, n'kumufunditsa chitenje chatsopano chija kuyambira kumapazi mpaka m'khosi. Za nkhope sindinena. Sabata ziwiri ndi theka ndi nthawi yaitali.

Delifa sanalire. Miyendo inamutengera yokha kukhonde, pakuti anadziwa kuti kumeneko kuli mtembo wachiwiri. Munthu wosayenda, wosalankhula, wosatha kudzitungira madzi, sangapirire masiku onsewo.

Elufe anali pa ndalema yake, wamoyo. Anali wosamba, khungu likuwala ndi mafuta, zovala zili zochapa. Tsitsi lake linali lolukidwa kumene, timizere ting'onoting'ono ta kalekale timene amayi a masiku ano sakutidziwanso, ntchito ya manja awiri athanzi. Pambali pake panali beseni, chipeso, ndi kapu ija, muli phala la ufa wosinja, lofunda, supuni ili momwemo. Delifa anasuzumira m'khitchini. Phulusa linali lozizira, la masiku ambiri. Mtondo panalibe.

Elufe sanamuyang'ane mlamu wake. Maso ake anali kumbuyo kwa Delifa, pamwamba pang'ono pa phewa, ndipo ankayenda pang'onopang'ono ngati akutsatira anthu amene akuchoka. Kenaka misozi inayamba kutsika. Delifa sanacheuke. Mpaka lero amati chinthu chimodzi chanzeru chimene anachita pa moyo wake n'chakuti sanacheuke. Chipata anachipeza chokhoma cham'kati, ndipo kiyi anadzapezeka m'thumba la malemuyo. Anabwerera pa bowo limene analowera, chokwawa, ndipo mawu oitanira anthu anatuluka atafika kale m'dimba mwake.

Yotamu anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, pakuti sakanadikira. Adzukulu anagwetsa mpanda mbali ya kumsewu kuti bokosi lidutse, ndipo atayamba sanafune kusiya. Pofika tsiku lachitatu mikungudza yonse inali pansi. Nthambi zake anazisonkha pasiwa, zikuthetheka ngati mfuti, utsi wake wowawa m'maso, mwakuti aliyense pamaliropo ankaoneka wolira, ngakhale amene sanamupatsepo moni malemuyo chibwerere. Za amayi awiri achilendo anthu anafunsana mudzi wonse. Palibe wina amene anawaona.

Anthu anamutengera Elufe kwa Delifa. Delifa anamuyalira pa bedi lake lomwe, anamuphikira phala lotendera, anamutenthetsera madzi osamba. Koma Elufe anatseka pakamwa. Supuni ikafika, ankatembenuzira nkhope kukhoma. Zakeyu anayesa, amayi a kutchalitchi anayesa, a zaumoyo anabwera n'kunena kuti m'thupi mulibe chatsopano. Masiku asanu anangomwa timadzi tomudonthezera pa milomo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, chakumadzulo, Delifa anagwada pambali pa bedi, mbale ili m'manja, ndipo mawu amene anamukanika zaka zisanu anatuluka. Anapepesa za pamsewu. Anapepesa za tsiku la msika. Anapepesa za utsi umene anauona n'kudzinamiza nawo. Anati chilango wachilandira, koma alamu adye, ngakhale supuni imodzi.

Elufe anatembenuka. Pakamwa pake popotoka panagwedezeka nthawi yaitali, ngati chitseko cha dzimbiri, ndipo mawu anatuluka olemera, amodziamodzi, koma omveka. Zakeyu anali pakhomo, anawamva nayenso.

"Sanafe pomwepo, alamu. Anabuula masiku awiri. Ankakuitanani dzina. Inu munali m'dimba, mukuthirira."

Apa ndiyenera kukuuzani chimene Delifa sanauze munthu, chimene anachisiya ngakhale popepesa paja. Anamva. M'mawa uja umene ankaseka za mphepo, anamva mawu ofooka kuseri kwa mitengo akuti Delifa, Delifa, osati achemwali, koma dzina lenileni, monga ankamuitanira ali ana. Anaima chidebe chili m'manja. Kenaka anadziuza kuti munthuyu akufuna kuyambanso mkangano, ngati ali ndi mawu azungulire abwere pakhomo ngati munthu. Tsiku lachiwiri anamvanso, motsika kwambiri, nati ndi njiwa. Anamaliza kuthirira mizere yake yonse.

Mbale inagwa m'manja mwake. Elufe anamuyang'ana, osati mwaukali, koma monga umayang'anira munthu wodutsa mumsewu.

"Amayi anga anamva ali kutali," anatero. "Inu munali apa."

Sanalankhulenso. Kunja kusanache anali atapita, ndipo anamuika pambali pa mwamuna wake.

Dimba lija lili ndi dzuwa tsopano kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chitsime chinadzazanso, koma Delifa sanadzalemo kanthu. Ntchito yake masiku ano ndi ina. Kukangocha amafunda nsalu n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, mudzi wonse, kuti odi, odi kuno, ndipo sachoka mpaka atamva mawu a munthu m'katimo. Safuna madzi, safuna mpando, amangofuna mawuwo. Poyamba anthu ankamumvera chisoni. Pano atopa naye. Ena amayankha motukwana ali m'bulangeti, ena amamutumira agalu, ndipo iye amathokoza chimodzimodzi, pakuti wotukwana ndi wamoyo.

Amamalizira pa nyumba ya mlongo wake, imene ili yokhoma pakati pa zitsa. Amaima pakhonde n'kunena odi wake. Masiku ambiri kumakhala zii, ndipo amabwerera kukamwa tiyi. Koma pali m'mawa wina, makamaka wa nkhungu, umene amabwerako n'kukhala pansi, tiyi osamukhudza, mpaka masana. Zakeyu anamukakamiza kamodzi kuti anene chimene amakapeza kumeneko, ndipo ananena. Akuti m'katimo mumamveka mawu a mwamuna, otopa, ofunsa kuti ndani. Iye amayankha kuti ndine Delifa, achimwene, mlongo wanu. Kumakhala chete kanthawi, ngati munthu akufufuza dzinalo m'mutu mwake.

Kenaka mawu aja amafunsanso, mofatsa, mopanda mkwiyo uliwonse.

"Ndani?"